Gaudreau ndi Tkachuk anachoka, Huberdeau, Kadri ndi Weegar anabwera: Calgary Flames inapindulanji?

Kondwani_YYC:
Abale, usiku wapitawu, pa 17 Juni 2025, Florida Panthers yatenganso Stanley Cup, chikho cha ligi ya hockey ya pa ayezi ya NHL, kachiwiri motsatizana, itaswa Edmonton 5-1 pa masewero achisanu ndi chimodzi. Chigoli chachiwiri, chimene chinakhala chopambanitsa, anamwetsa ndi Matthew Tkachuk, mnyamata amene anali wathu kuno ku Calgary. Papita zaka zitatu chichokereni iye ndi Johnny Gaudreau mu Julaye 2022, ndiye ndikuona kuti nthawi yakwana yoti tiyerekeze mosakondera.

Amene anachoka: Gaudreau, mapointsi 115 mu sizoni ya 2021-22. Tkachuk, mapointsi 104. Amene anabwera: Jonathan Huberdeau, nayenso 115 ku Florida sizoni yomweyo, Nazem Kadri 87 ku Colorado komanso atangotenga chikho, ndi MacKenzie Weegar wotchinga kumbuyo. Pa pepala zinkaoneka ngati sitinataye kanthu, mwinanso tinawonjezera mphamvu. Sizoni yotsatira Huberdeau anapeza 55, Kadri 56, pomwe Tkachuk ku Florida anapeza 109. Kuyambira pamenepo Flames sinalowenso mu ma playoff, masewero ochotsana olimbirana chikho. Inu mukuti vuto linali pati?

Tadala265:
Achimwene, ife tili ku Lilongwe kuno timangoona zithunzi zanu mutavala zofiira. Tandithandizeni kaye. Mapointsi a munthu mmodzi amawerengedwa bwanji? Ku mpira wamiyendo mapointsi ndi a timu.

Nabanda:
Tadala, mu NHL wosewera akamwetsa chigoli amapatsidwa pointi imodzi, ndipo amene anamupatsira puck, kachimbale kamene amasewerera m'malo mwa mpira, amapatsidwanso pointi. Pa chigoli chimodzi opatsira amene amawerengedwa amafika awiri. Sizoni yathayi inali ndi masewero 82, ndiye munthu wopitirira 100 ndi katswiri weniweni. Pa ayezi timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu ndi mmodzi: goloboyi, otchinga awiri, akutsogolo atatu. Akutsogolo atatuwo amalowa ndi kutuluka limodzi, amathamanga mwina osakwana mphindi imodzi kenako anzawo atatu n'kulowa. Ukumbukire za atatuwa chifukwa nkhani yonse ya Calgary yagona pomwepo.

Tadala265:
Zikomo achemwali, ndamva. Pitirizani ndikutsatira.

Ankolo a ku Red Deer:
Kondwani, mwanawe, funso lako ndi labwino koma kawerengedwe kameneko ndi kamene kanatipusitsa tonse chaka chimenecho, atolankhani ndi masapota omwe. Tinkati 115 yachoka, 115 yabwera, basi. Hockey siyenda choncho.

Gaudreau, Tkachuk ndi Elias Lindholm anali ngati mafuwa atatu. Ukachotsa awiri n'kuikapo ena osafanana msinkhu, mphika umapendekeka ngakhale miyala yatsopanoyo ikhale yolimba bwanji. Mu 2021-22 onse atatu anafika zigoli 40: Gaudreau 40, Tkachuk 42, Lindholm 42. Aliyense ankagwira ntchito yake. Gaudreau ndiye ankanyamula puck kuchokera kumbuyo, kudutsa pakati, kulowa nayo m'dera la adani, otchinga akubwerera chafutambuyo chifukwa choopa liwiro lake. Tkachuk ankamenyera nkhondo m'mphepete ndi kuseri kwa golo, n'kumaima pamaso pa goloboyi akukankhidwa. Lindholm ankangofika pakati n'kuwombera. Sanasinthidwe pafupifupi sizoni yonse, mpaka ankadziwana popanda kuyang'anana.

Huberdeau ndi wopatsira. Pa 115 yake ija, 85 anali ma assist, mapointsi opatsira womwetsa chigoli, zomwe wosewera wa kumanzere anali asanachitepo mu NHL. Wopatsira amafuna anthu othamanga kutsogolo kwake, ndipo Florida ya chaka chimenecho inkasewera mothamanga, mosasamala kwenikweni za kumbuyo. Atafika kuno anapeza Darryl Sutter, mphunzitsi wofuna kuti puck uiponye mkati, uithamangire, uwombere pafupipafupi. Amene ankamulowetsera puck m'dera kunalibe, ndipo Lindholm naye anatsika kuchoka pa 82 kufika pa 64.

Mlamu_Oilers:
Ankolo, mwalankhula zoona koma musamuchotsere Huberdeau mlandu wonse. Kutsika ndi mapointsi 60 pa sizoni imodzi yathunthu, munthu osavulala, sikunachitikepo m'mbiri ya ligiyi. Ndipo Sutter anachotsedwa ntchito mu Meyi 2023. Atabwera mphunzitsi watsopano Ryan Huska, Huberdeau anapeza 52, kutsikiratu. Mu Novembala 2023 Huska anamukhazika pa benchi gawo lonse lachitatu posewera ndi Nashville. Mwina mukukumbukira kamera ikumuonetsa atazyolika. Munthu wolandira madola 10.5 miliyoni pachaka sayenera kudikira kuti zonse zimuyendere bwino kuti aoneke.

Mtima wanga lero ukuwawa kwambiri kuposa wanu, chifukwa Tkachuk yemweyo watigwetsa mu fainolo zaka ziwiri. Mu 2022 tinakuchotsani 4-1 iye ali kwa inu. Akadakhala ku Calgary mwina zikho ziwirizi zikadabwera kuno ku Alberta, chigawo cha Edmonton ndi Calgary.

Kondwani_YYC:
Pepani alamu, mwayesetsa. Koma pa Huberdeau ndikugwirizana nanu theka. Sizoni yathayi wamwetsa zigoli 28 ndi mapointsi 62, ndipo amalowa ngakhale pamene timu yapelewera munthu chifukwa cha chilango, ntchito imene akatswiri ambiri amaikana. Sananyanyale, sanapemphe kuti amugulitse. Wasintha kaseweredwe, amapita pamaso pa golo pomwe pamapweteka. Chokhacho n'chakuti wosewera wa mapointsi 60 akulipidwa ngati wa 100, ndipo kontrakitiyo ifika mpaka 2031.

Mai a Mphatso:
Ine ndikufuna ndiyankhulire akuluakulu a timu pang'ono, chifukwa tikuiwala momwe zinthu zinalili sabata zimenezo. Gaudreau anachoka kontrakiti yake itatha, timu sinalandire kalikonse. Anasankha Columbus, zaka 7 pa madola 68.25 miliyoni, ngakhale zinamveka kuti Calgary inamulonjeza zochuluka, chifukwa ankafuna kuyandikira abale ake a ku New Jersey. Ife amene tinasiya makolo kumudzi sitingamudzudzule pa chimenecho. Pasanathe masiku ambiri Tkachuk nayenso anauza timu kuti sasainira kontrakiti yaitali. Anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti naye achoke ulere. Brad Treliving, mkulu wogula ndi kusinthanitsa osewera nthawi imeneyo, akadatani? Matimu onse ankadziwa kuti wapanikizika. Kupeza Huberdeau, Weegar, Cole Schwindt ndi mwayi wosankha mu raundi yoyamba ya draft (mwambo wa chaka ndi chaka wosankha osewera achinyamata) kuchokera ku Florida posinthana ndi Tkachuk, munthu woti akuchoka kale, anthu ambiri tsiku limenelo anati Calgary yachita bwino kuposa Florida.

Nabanda:
Mai a Mphatso, kusinthanako ine sindikutsutsa. Chimene ndimadandaula nacho ndi zomwe zinachitika patatha sabata ziwiri. Huberdeau anali ndi chaka chimodzi pa kontrakiti yake yakale. Anamupatsa zaka 8, madola 84 miliyoni, asanasewereko ngakhale kamodzi atavala yofiira. Panalibe amene anali ataona ngati angagwirizane ndi Lindholm kapena ndi Sutter. Mantha oti wachitatu achokanso ndi amene anasainitsa kontrakiti ija.

Ndiye taonani zaka. Tkachuk anali ndi zaka 24, ndipo Florida inamupatsa zaka 8 pa 9.5 miliyoni pachaka. Huberdeau anali ndi 29, pa 10.5 miliyoni. Kadri anali ndi 31, zaka 7 pa 7 miliyoni. Florida inagula zaka zimene munthu amakhala pa chimake, ife tinagula zaka zimene miyendo imayamba kulemera, ndipo tinalipira zambiri. Pa ligi imene timu iliyonse ili ndi malire a ndalama zolipira osewera, 82.5 miliyoni nthawi imeneyo, zimenezo n'zimene zimakuika pamwamba kapena pakati.

Dalitso_Mtl:
Muwonjezerepo ya Sean Monahan. Kuti ndalama za Kadri zikwane pansi pa malirewo, Calgary inapereka Monahan kuno ku Montreal pamodzi ndi mwayi wa raundi yoyamba, kungoti amutenge. Monahan atachira anasewera bwino, Montreal n'kumugulitsa ku Winnipeg mu 2024, kulandiranso mwayi wina wa raundi yoyamba. Pa draft ya mwezi uno nambala 16 imene inali ya Calgary ili m'manja mwa Montreal, ndipo ya Florida imene Calgary yatsala nayo yakhala nambala 32 chifukwa cha chikho cha dzulochi. Mtengo wa Kadri suli 7 miliyoni yokha ayi.

Ankolo a ku Red Deer:
Dalitso, zimenezo n'zoona, koma pa Kadri ine ndiima naye. Sizoni yoyamba anayamba bwino, kenako anafooka kumapeto ngati timu yonse. Mu 2023-24 anatsogolera timu ndi mapointsi 75 akusewera ndi anyamata ongoyamba kumene, Connor Zary ndi Martin Pospisil. Sizoni yathayi zigoli 35, zimene sanafikepo pa moyo wake wonse, ali ndi zaka 34. Saphonya masewero. Ndinamuonera pafupi ku Saddledome, bwalo la Flames, mpando wanga unali kuseri kwa galasi cha pakona. Pa TV sizioneka momwe amalimbanirana pa faceoff, pamene woimbira amagwetsa puck pakati pa osewera awiri: amawerama mpaka chipewa kukhudzana ndi cha mnzake, akaluza puck amamumatirira munthuyo ndi ndodo mpaka m'mphepete, akulankhula mosalekeza. Mtima wa Tkachuk umene tinkati tataya, gawo lina tinaupeza mwa iyeyu.

Ndipo kwa ife obwera, ndi munthu wotipatsa chilimbikitso. Banja lake linachokera ku Lebanon, iye anabadwira ku London ya ku Ontario, ndipo ndi Msilamu woyamba kutenga Stanley Cup. Adzukulu anga akamati hockey ndi ya anthu ena ndimawatchulira iyeyo ndi Jarome Iginla, amene bambo ake ndi a ku Nigeria.

Kondwani_YYC:
Palibe amene watchula Weegar bwinobwino. Kwa ine ndiye wabwino koposa mwa onse amene anabwera. Madola 6.25 miliyoni pachaka, amasewera mbali zonse ziwiri, kumanzere kapena kumanja, ndipo mu 2023-24 anamwetsa zigoli 20 ali wotchinga, uku akudziponya kutsogolo kwa mashoti usiku uliwonse. Pamene Lindholm, Chris Tanev, Noah Hanifin ndi Nikita Zadorov ankachoka sizoni imeneyo, iye anakhala. Vuto lake poyerekeza n'lakuti sanalowe m'malo mwa wina aliyense mwa awiri aja. Kumbuyo tinali olimba kale. Chimene chinasowa ndi munthu woti masewero akathina atenge puck n'kuthetsa nkhani yekha.

Mai a Mphatso:
Ngati usiku uja wa Dallas, Meyi 2022. Masewero achisanu ndi chiwiri a playoff, goloboyi wa Dallas Jake Oettinger atatchinga mashoti 64, tonse titataya mtima kuti palibe chimene chingamudutse. Johnny anaitola puck cha kumbali, pamalo poti munthu sungaganize zowombera, n'kuikweza pamwamba pa phewa la goloboyi. Mwana wanga anali atagona pa sofa, anadzuka ndi phokoso la nyumba zoyandikana.

Ndikupempha kuti pomuyerekeza Johnny tizikumbukira kuti ndi malemu. Iye ndi mng'ono wake Matthew anagundidwa ndi galimoto akupalasa njinga ku New Jersey pa 29 Ogasiti 2024, mawa lake likhala ukwati wa mlongo wawo. Ndinapita ku Saddledome masiku amenewo. Masitepe onse anadzaza ndodo za hockey, majezi a nambala 13, mapaketi a Skittles ndi mabotolo a Gatorade yapepo, ndipo ana ankalemba ndi choko pansi. Anthu amene anamukwiyira pochoka ndi omwewo ankalira pamenepo.

Nabanda:
Mzimu wake uuse mumtendere, ndi wa mng'ono wake. Zikomo Mai a Mphatso potikumbutsa.

Mlamu_Oilers:
Auuse mumtendere. Ngakhale ife a ku Edmonton tinkamulemekeza. Anasankhidwa nambala 104 mu 2011 chifukwa ankati ndi wamfupi, koma ankatizunza ndithu.

Ndinene chimodzi mwaulemu. Ku Columbus anapeza 74 sizoni yoyamba, timu ili pansi pa ligi. Ndiye mfundo ya Ankolo ikugwira mbali zonse: Johnny naye atasiyana ndi anzake awiri aja sanafikenso pa 115. Mwa akatswiri atatu amene anasamuka chilimwe chimenecho, Tkachuk yekha ndi amene anapita ndi mphamvu zake zonse kumalo atsopano.

Ankolo a ku Red Deer:
Eya, ndipo funso ndi lakuti chifukwa chiyani iye yekha. Kaseweredwe ka Tkachuk sikadalira malo otakasuka. Iye amasewera pamene pathina, kuseri kwa golo ndi pakamwa pa golo, ndipo malo amenewo amapezeka pa timu iliyonse ndi kwa mphunzitsi aliyense. Mu ma playoff ayezi yense amathina, ndiye munthu wotere amakwera mtengo. Florida inadziwa chimene inkafuna. Mu 2021-22 inatsogola ligi yonse ndi mapointsi 122, koma Tampa Bay inaisesa 4-0 mu raundi yachiwiri. Bill Zito, mkulu wogula osewera ku Florida, anaona kuti kuthamanga kokha sikubweretsa chikho, anatenga Paul Maurice kukhala mphunzitsi, n'kupereka munthu wake wa mapointsi ambiri kuti apeze Tkachuk. Iwo anayamba ndi funso loti tikufuna kumasewera bwanji. Ife tinayamba ndi funso loti tidzaza bwanji dzenje la mapointsi 219.

Mu 2023 Tkachuk anamwetsa chigoli pa nthawi yowonjezera yachinayi ku Carolina, kenako china kutatsala masekondi osakwana 5 chimene chinawalowetsa mu fainolo. Anasewerako fupa la pachifuwa litathyoka. Chaka chino wabwera atavulala ku 4 Nations, mpikisano wa mayiko anayi, n'kupeza mapointsi 23 pa masewero 23.

Dalitso_Mtl:
Koma Ankolo, ndiloleni nditsutse pang'ono. Tikuyankhula ngati zonse zinali zodziwikiratu. Mu 2022-23 Calgary inamaliza ndi mapointsi 93, Florida 92. Calgary inali pamwamba! Kungoti kumadzulo malo otsiriza anatenga Winnipeg ndi 95, pomwe kummawa 92 inakwanira. Florida inalowa movutikira, n'kugwetsa Boston imene inapambana masewero 65, mbiri yonse n'kusintha. Calgary inagonja ka 17 pa nthawi yowonjezera kapena pa shootout, yofanana ndi mapenate. Atatu okha mwa amenewo akadapambana, bwenzi tikukamba zina.

Ndipo chimene chinatsika kwambiri si Huberdeau yekha. Goloboyi wathu Jacob Markstrom mu 2021-22 ankatchinga mashoti 922 pa 1,000 alionse, anasewera masewero 9 osagoletsedwa, anakhala wachiwiri pa mphoto ya Vezina ya goloboyi wabwino koposa. Chaka chotsatira anatsikira pa 892. Kusiyana kumeneko pa goloboyi wosewera masewero ambiri ndi zigoli makumi angapo. Timu inachoka pa mapointsi 111 kufika pa 93, ndipo sindikhulupirira kuti 18 yonseyo ndi ya osewera atsopano.

Nabanda:
Dalitso, za Markstrom wanena zoona, anthu amaziiwala. Koma kugonja ka 17 kuja ine sindikutcha tsoka. Nthawi yowonjezera amasewera atatu kwa atatu, ayezi ali mbee, ndipo pamenepo m'pamene Johnny ankaopsa kwambiri. Kugonja ndi chigoli chimodzi mobwerezabwereza ndi chizindikiro cha timu yolimbikira imene ilibe womaliza. Tyler Toffoli ndiye anatsogola ndi zigoli 34, wosewera wabwino, koma si munthu woti adani asagone naye tulo. Sizoni yathayinso chimodzimodzi: mapointsi 96, kufanana ndi St. Louis, kutsala kunja. Timu imalimba kumbuyo, zigoli n'zochepa.

Tadala265:
Ndikutsatira bwino tsopano. Funso langa: Calgary siingangomuchotsa Huberdeau n'kugula wina ndi ndalamazo?

Kondwani_YYC:
Ayi mphwanga. Makontrakiti a NHL ndi otsimikizika, ndalama amalandira ndithu. Pali njira yomulipira kuti achoke, koma gawo la ndalamazo limawerengedwabe pa malire a timu kwa zaka zowirikiza kawiri zimene zatsala. Kumusinthanitsa nakonso n'kovuta, chifukwa timu ina iyenera kuvomera mtolowo. Chotithandiza n'chakuti malirewo akukwera: 88 miliyoni sizoni yathayi, 95.5 ikubwerayi, 104 kenako 113.5. Ikamafika pamenepo 10.5 sidzalemera ngati mmene inalili pa 82.5.

Mlamu_Oilers:
Musaiwale Sam Bennett. Dzulo wapatsidwa Conn Smythe, mphoto ya wosewera wabwino koposa mu ma playoff, zigoli 15 mu ma playoff. Calgary inamusankha nambala 4 mu 2014, n'kumupereka ku Florida mu Epulo 2021 pa mtengo wotsika. Ndipo amene ankasewera pakati pa mzere wa Huberdeau chaka cha 115 chija anali Bennett yemweyo. Munthu amene Huberdeau ankamufuna ku Calgary munali mutamutumiza kale.

Mai a Mphatso:
Imeneyo imandipweteka kuposa ya Tkachuk. Tkachuk anafuna yekha kuchoka. Bennett tinali naye zaka zambiri akungosunthidwa, lero pakati, mawa kumbali, mkuja mzere wachinayi.

Ankolo a ku Red Deer:
Nkhani yakale imodzi, inu achinyamata muimve. Mu Disembala 1995 Joe Nieuwendyk, kaputeni, sanagwirizane ndi timu pa kontrakiti. Calgary sinafune munthu wofanana naye msinkhu kuti idzaze dzenje msanga. Inamupereka ku Dallas n'kutenga mnyamata wa zaka 18 amene anali asanasewere mu NHL, Iginla. Nieuwendyk anakatenga chikho ku Dallas mu 1999, masapota kuno anadandaula zaka zingapo, koma Iginla anadzakhala womwetsa zigoli zambiri m'mbiri ya timuyi. Mu 2022 njira imeneyo inalipo: kupereka Tkachuk n'kutenga anyamata ndi mwayi wa draft. Sanaitsate chifukwa timu inali itangotsogola gulu lake la Pacific ndipo aliyense ankakhulupirira kuti chikho chili pafupi. Craig Conroy, amene analowa m'malo mwa Treliving, wadzayamba ntchito imeneyo mochedwa ndi chaka ndi theka, makontrakiti aatali atasainidwa kale.

Dalitso_Mtl:
Ankolo, masapota akadavomera? Gaudreau wachoka ulere, Tkachuk wapita, ndiye muwauze kuti tiyambirenso pansi, Markstrom, Lindholm, Tanev ndi Hanifin onse ali pa chimake? Saddledome ikadakhala yopanda anthu.

Nabanda:
Akadadandaula, koma akadabwera. Taonani sizoni yathayi momwe anthu amukondera Dustin Wolf, goloboyi wachinyamata amene anasankhidwa nambala 214 mu 2019, wakhala wachiwiri pa mphoto ya Calder ya wosewera watsopano wabwino koposa. Anthu amafuna kuona kumene timu ikulowera.

Ine funso langa ndi la lero. Kadri akwanitsa zaka 35 mu Okutobala ndipo wangomwetsa zigoli 35. Mtengo wake sudzakweranso kuposa pano. Conroy amugulitse chilimwe chino, atenge wachinyamata wosewera pakati.

Kondwani_YYC:
Achemwali, mukamuchotsa Kadri pakati patsala Mikael Backlund amene ndi wamkulu kuposa iye, ndi Morgan Frost. Wolf azidzalandira mashoti 40 usiku uliwonse timu ikumwetsa chimodzi. Goloboyi wachinyamata amaonongeka choncho.

Ankolo a ku Red Deer:
Ine ndikuti akhale mpaka February. Timu ikakhala ili kunja kwa ma playoff nthawi imeneyo, matimu ofuna chikho adzamufuna kwambiri kuposa mu Julaye, chifukwa anatengapo kale chikho ndipo amadziwa njira yake. Koma adzafunsidwe iye mwini kaye, ndipo Zary apatsidwe mpata wosewera pakati kuyambira Okutobala kuti tione ngati angathe.